Chofunda Chosapindidwa cha a Maloalipo

Pabalaza pa a Maloalipo panali mpando umodzi woyang'ana kuzenera, ndipo chipumireni pantchito yoyendetsa basi, mkuluyu ankaswera pampandopo, manja ali m'malere ngati agwira chiwongolero. Dzina la Maloalipo analitola pamsewu. Basi yawo idzaze bwanji, anthu ataimirira mpaka pachitseko, akangoona munthu akukweza dzanja m'mbali mwa msewu ankaponda buleki n'kusuzumira pazenera: "Kwerani, malo alipo!" Makondakitala ankalira nawo, apolisi a pamsewu ankawadziwa ngati m'bale wawo, koma panalibe munthu amene akanaimirira n'kunena kuti a Maloalipo anamusiyapo pasiteji.

Kupuma pantchito kunawadwalitsa. Tulo tinathawa, chakudya chinasiya kulowa, ndipo ankangokhalira kukangana ndi wailesi. Akazi awo, mayi osamala m'nyumba omwe ankadziwa ngakhale supuni ikasuntha malo, anatopa n'kuwalambalala posesa, n'kuwakokera kuchipatala. Dokotala atawayeza anapukusa mutu.

"Magazi anu akuthamanga kuposa basi, bambo. Mapiritsi ndikupatsani, koma manjawa muwapezere chochita."

Chochitacho anachipeza mwangozi. Tsiku lina anapita ndi buluku long'ambika kwa telala wa pakhonde la sitolo, n'kumupeza akulumikiza tizigamba ta nsalu zotsala, kofiira apa, kamizeremizere apo. A Maloalipo anangoti kakasi, buluku lili m'manja, mpaka telalayo anawakokera benchi.

"Si zovuta izi, achikulire," anatero telala. "Mumadula tizigamba tofanana n'kutilumikiza. Mukatero mumayala nsalu pansi, bulangete lakale pakati, zigamba zija pamwamba, n'kusoka zonse pamodzi. Pomaliza mumapinda m'mphepete, ndipo apo ndi pamene pagona nkhani. Musanapinde m'mphepete mulibe chofunda ayi, muli ndi nsanza zogwirana manja basi."

Anabwerera kunyumba atasenza thumba la zigamba, singano, ulusi ndi sizasi, buluku lija ataliiwala pabenchi. Akazi awo anaseka mpaka kugwira khoma. Anzawo akale a kuntchito anawanyogodola kuti bambo wa ndevu zake wasanduka wosoka tinsanza. Iwo analibe nazo ntchito. Moyo wawo wonse ankathamangitsidwa ndi nthawi, ndi mahutala, ndi mabwana, koma singano siithamangitsa munthu. Ankabaya, kukoka ulusi, kubayanso, mtima n'kumakhala pansi pang'onopang'ono. Tulo tinabwerera, mbale zinayamba kubwerera kukhitchini zili mbee, ndipo wailesi inapuma.

Komatu panali china chozama kuposa kuthamanga kwa magazi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, yemwe anali namwino, anali woyembekezera. Tsiku lina atabwera kudzacheza ndi mwamuna wake, a Maloalipo anamuitanira pafupi ndi mpando wawo, n'kulankhula maso ali pasingano chifukwa cha manyazi.

"Mwana wanga, iwe unabadwa ine ndili pamsewu. Unayamba kuyenda ine ndili pamsewu. Tsiku lomwe unamaliza sukulu ndinafika mwambo utatha, anthu akuchotsa mipando. Ndanyamula ana a eni ake osawerengeka, wanga yekha ndi amene sindinamunyamule. Koma amene akubwerayu adzagona m'chofunda chosokedwa ndi manja angawa."

Namwino anapukuta misozi ndi mpango. Mawu amenewa anawadikira kuyambira ali kamtsikana, ndipo anali atataya kale mtima kuti adzawamva.

"Ndichidikira, bambo," anayankha motsitsa mawu.

Ntchito inayamba bwino zedi. Pakati anaikapo chigamba cha shati yawo ya yunifomu, pambali pake cha diresi lakale la akazi awo, kenaka cha siketi imene namwino ankavala kusukulu. Anazungulira ndi zigamba za kwa telala zija. Posakhalitsa chofunda chinafika msinkhu wokwana khanda, chosalala, chokongola moti ngakhale akazi awo, omwe sankayamikira chinthu chisawawa, anachisisita n'kugwedeza mutu.

"Chakwana ichi, bambo. Pindani m'mphepete."

A Maloalipo anavomera. Analowetsa ulusi pasingano, n'kugwira ngodya kuti ayambe kupinda. Pamenepo maso awo anagwera pa nsalu ya pilo imene inali itayanikidwa panja, yamaluwa achikasu, ikuwala padzuwa. Anaiyang'ana monga ankayang'anira munthu woima yekha pasiteji mvula ikugwa.

"Kokongola chotere n'kukasiya?" anadzifunsa. "Ayi, malo alipo."

Kachigamba kamodzi sikakhala kokha m'mphepete, kamafuna anzake kuti mzere ukwane. Mzere ukakwana mbali ino, mbali inayo imaoneka yamasiye. Umu ndi mmene a Maloalipo anasandukira chiswe cha m'nyumba mwawo momwe. Nsalu zopukutira mbale zinayamba kuoneka ndi mazenera. Ambulera inasiya kuteteza mvula. Akazi awo anapita kuukwati wa mwana wa mnzawo atavala diresi lawo la pamtima, n'kumadabwa kuti bwanji kamphepo kakuwapeza kumsana kokha, mpaka mayi wina wachifundo anawanong'oneza kuti akhale pansi ndipo asadzukenso.

Alendo nawo sanapulumuke. Mkamwini wawo, mwamuna wa namwino uja, munthu waulemu wosadziwa kukweza mawu, anawodzera pasofa atakhuta, n'kudzuka nsonga ya tayi palibe. Anangoyang'ana pachifuwa pake, kuyang'ana apongozi ake, n'kuthokoza chifukwa cha chakudya. Wowerenga mita ya magetsi anatuluka m'nyumbamo opanda thumba la kumbuyo. Mbiri itawanda, anthu obwera kudzacheza ankakhala atatsamira khoma, majekete atawakumbatira pamiyendo, ndipo telala akawaona a Maloalipo akutulukira pakona ankayamba wabisa nsalu za makasitomala.

Mdzukulu anabadwa, kamtsikana konenepa bwino. Pamenepo n'kuti chofunda chake chitakwana kale bedi la anthu awiri n'kumakhwekhwereza pansi.

"Bambo, nanga chofunda chija?" anafunsa namwino, khanda lili pachifuwa.

"Chatsala pang'ono, mwana wanga. Kungopinda m'mphepete basi."

Madzi anafika m'khosi tsiku lomwe akazi awo anapeza bowo la ngodya zinayi pakati pa nsalu ya patebulo imene anasiyiridwa ndi malemu mayi awo. Sanalalate. Anangopita pampando paja, kutambasula dzanja, n'kuima pomwepo mpaka a Maloalipo anaika sizasi m'dzanjamo.

"Bambo, ndakhala nanu zaka zonsezi, ndapirira utsi wa dizilo m'zovala ndi kugona ndekha. Koma kuyenda ndi mazenera kumsana ndiye ayi. Lumbirani kuti simudzadulanso nsalu, ya m'nyumba muno kapena ya mlendo."

"Ndalumbira, mayi."

"Ndipo chinthuchi muchipinde. Mwana wabadwa kale, akufunda za kusitolo ngati alibe agogo."

Mawu amenewo anawabaya. Sizasi inabisidwa, ndipo mawa lake akazi awo analongedza kachikwama n'kupita kukakhala kwa namwino kuti akamuthandize kulera khanda. Anachoka mtima uli m'malo, poganiza kuti munthu wopanda sizasi sangawononge kanthu.

A Maloalipo anali munthu wosunga lumbiro, zimenezo tisawanamizire. Sanapite kukagula sizasi ina, sanakhudze mpeni ngakhale lezala. Anakhala pampando wawo, ngodya ya chofunda ili pabondo, atatsimikiza kuti lero ndi lero apinda. Koma mphepo inalowa pazenera n'kugwedeza makatani, obiriwira, okhala ndi timbalame touluka. Mphepete mwa katani imodzi munadzakhudza mphepete mwa chofunda, ndipo mitunduyo inagwirizana moti mkuluyu anamva kutentha m'maso. Mdzukulu wawo akanamagona pansi pa timbalame! Kudula sakanadula. Anangokoka chofunda pang'ono, n'kuchisokerera ku katani ili chipachikire pazenera pomwepo.

Njira itapezeka, panalibenso chowaletsa. Nsalu ya pasofa inali yofewa ngati tsaya la mwana, choncho anaisokerera, sofa ili momwemo. Nsalu ya patebulo ija inalowa yonse, pamodzi ndi bowo lake. Chofunda chinadzaza pabalaza, n'kukhotera m'kanjira kopita kuchipinda, kukagwira matiresi, kukwera mpaka m'wadiropu, kumene madiresi a akazi awo anasokereredwa limodzilimodzi ali pamahang'ala awo. Tsiku lina atasoka kwa nthawi yaitali chofunda chili pamiyendo, anafuna kudzuka n'kupeza kuti asokerera buluku lomwe avala. Analiyang'ana bwinobwino, kuona kuti ndi nsalu yolimba ndithu, n'kungolivula n'kulisiya momwemo.

Zitseko za m'kati zinasiya kutsekeka. Kuti afike kukhitchini ankakwawa pansi pa chofunda, ndipo nthawi zina ankasokera n'kutulukira kubafa. Koma kunena zoona, mkuluyu anali asanasangalalepo chotere. Akazi awo akaimba foni kufunsa ngati apinda, ankayankha ndi mtima woyera kuti sanadule kanthu ngakhale kamodzi.

Kenaka kunabwera uthenga umene sankauyembekezera. Mkamwini anali atapeza ntchito kutsidya kwa nyanja, kudziko lozizira kwambiri, ndipo amatenga banja lake lonse. Sizinkadziwika kuti adzabwerako liti.

"Tidzadutsa kumeneko m'mawa wa tsiku la ulendo, popita kubwalo la ndege," anatero namwino pafoni. "Mudzatsanzikane ndi mdzukulu wanu, ife tidzatenge chofunda. Chonde bambo, chidzakhale chitatha."

Nthawi yopinda inalipo, ndipo wina aliyense akanatola singano tsiku lomwelo. Koma m'mutu mwa a Maloalipo munangotsala mawu awiri: dziko lozizira. Mwana akupita kozizira, ndiye chofunda chichepe? Anasokerera matawulo a kubafa. Anasokerera chikhoto chawo cha mvula. Anasokerera kalipeti wa pakhomo, singano zikuthyoka ngati timitengo ta machesi.

Tsiku la ulendo takisi inaima pageti dzuwa litangokwera, masutikesi ali pamwamba. Munatuluka akazi awo, namwino atanyamula mwana, ndi mkamwini akuyang'ana wotchi. Akazi awo anakankha chitseko, koma chinangotseguka pang'ono n'kukakamira. Analowa cham'mbali. Anayang'ana kuzenera, kuyang'ana pamene panali sofa, kutsatira ndi maso mtsinje wa nsalu umene unkalowera kuchipinda, mikono ya madiresi awo ikuoneka apa ndi apo ngati ya anthu omira.

"Sindinadule, mayi," anatero a Maloalipo, atatulutsa mutu pakati pa tawulo ndi chikhoto cha mvula.

Mkamwini, pofuna kupulumutsa apongozi ake ku zimene zinkabwera, anawerama mwaulemu n'kugwira ngodya imodzi.

"Palibe vuto, apongozi. Tingochipinda bwinobwino, tiona mmene tingachinyamulire."

Anakoka. Tebulo linayamba kuyenda kubwera kwa iye. Anakokanso, chitsulo cha makatani chinazuka kukhoma n'kugwa pamodzi ndi zidutswa za pulasitala. Kuchipinda kunamveka wadiropu ikubuula, kenaka chiphokoso chachikulu. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Mkamwini anasiya ngodya ija mofatsa, n'kupukuta manja pabuluku.

Kunja woyendetsa takisi analiza hutala.

Akazi awo sanataye nthawi ndi kukalipa. Anakwawira kukhitchini, n'kubwerako ndi sizasi ija, imene inali m'kati mwa ketulo yakale nthawi yonseyi. Anaiika m'dzanja la amuna awo.

"Lumbiro lija ndalimasula. Dulani."

"Kachidutswa kokha, bambo," anachonderera namwino akugwedeza mwana. "Kokwana kumukulunga basi. Paliponse pamene mungadule. M'mphepete ndikapinda ndekha tikakafika."

A Maloalipo anagwada, sizasi ili m'manja. Anayambira pakati, pamene panali shati ya yunifomu, diresi lakale ndi siketi ya kusukulu. Apa ndiye penipeni. Anatsegula sizasi. Koma akadula apa, maluwa achikasu aja atsala kunja. Anasunthira kumaluwa. Nanga timbalame? Mwana apite kudziko la eni wopanda timbalame? Anakwawira kuzenera, kuika sizasi pakatani, n'kukumbukira kufewa kwa nsalu ya pasofa.

"Apa... ayi, taimani. Apa ndiye pabwino. Koma ukaona apa..."

"Bambo, nthawi!"

"Ndamva, mwana wanga, ndamva. Ukufuna ndimupatse chilichonse ngati mwana wotola?"

Hutala inaliranso, ulendo uno motalika. Mkamwini anatsokomola, n'kunena motsitsa mawu kuti ndege siidikira munthu. Akazi awo anatambasula dzanja.

"Bweretsani ndidule ine."

"Ayi mayi!" anakuwa a Maloalipo, kubisa sizasi kumbuyo. "Mphatso ndi yanga, ndisankha ndekha. Kuchipinda kuli pena pokongola kuposa ponsepa. Mphindi imodzi yokha."

Asanawagwire, anali atalowa kale pansi pa chofunda. Onse anangoona chotupa chikuyenda pansi pa nsalu, kudutsa pabalaza, kukhotera m'kanjira kaja. Chinkaima, kubwerera m'mbuyo, kupitanso patsogolo.

Namwino anadikira. Anadikira mpaka woyendetsa takisi anatsika n'kuyamba kumasula chingwe cha masutikesi, akunena kuti ali ndi anthu ena oti akawatenge. Apo mtsikanayo anaima pakhomo la kanjira kaja, misozi ikutsika, n'kuitana ndi mawu onse.

"Bambo, zisiyeni! Chofunda chisiyeni! Tangobwerani mudzamunyamule mdzukulu wanu, tikupita!"

"Ndikubwera!" anayankha mawu otsamwa kuchokera pansi pa nsalu. "Ndapapeza! Ayi... taima kaye, pali penanso apa."

Namwino anayang'ana mayi ake. Mayi ake anamukumbatira, kupsompsona khanda pamphumi, n'kumukankhira kukhomo mwachikondi. Kunja kunali kamphepo, ndipo mkamwini anavula jekete lake n'kumukulunga mwanayo.

A Maloalipo anamva zitseko za galimoto zikutsekedwa. Anamva injini ikulira, ndipo khutu la dalaivala silinama: imeneyo inali giya yonyamukira. Anavumbuluka pansi pa nsalu, kudzuka, n'kuthamangira kukhomo akukuwa kuti aime. Phazi linalowa m'khosi mwa diresi limodzi la akazi awo, linzake linakodwa m'mwendo wa buluku, ndipo mkulu uja anapita m'mwamba n'kudzagwa chagada pakati pa balaza. Sanapweteke paliponse, poti pansi ponse panali pofewa.

Anagona pomwepo akuyang'ana kudenga, sizasi ili m'manja, akumvetsera kulira kwa takisi kukuchepa mpaka kunati zii. Akazi awo analowa, n'kukhala pa chimulu chimene kale chinali sofa.

"Apita?" anafunsa a Maloalipo.

"Apita."

"Mwana wafunda chiyani?"

"Jekete la bambo ake."

Mkuluyo anatembenuza mutu uku ndi uku. Kulikonse kumene maso ankafika kunali nsalu, yofiira, yachikasu, yobiriwira, yokwana kufunditsa anthu a mumsewu wonsewo, yosokedwa mwaluso ndi chikondi chenicheni, ndipo panalibe ngakhale kachidutswa kamodzi kamene kanatuluka pakhomo. Anaika sizasi pachifuwa, kukoka ngodya ina n'kudziphimba kumaso, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Akazi awo, omwe anali ndi mawu okwana chaka chathunthu, anawameza onse, n'kungowaika dzanja paphazi.

Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.